Dzina la sponsa lasanduka pinki pa jezi yofiira

Wosindikiza, Dedza: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Oda ndi ya majezi 36 a timu ya mpira ya kuno, ofiira, nsalu ya poliyesita. Dzina la sponsa pachifuwa ndi vinyl yoyera (kapulasitiki komata ndi moto), heat press (makina opanira ndi moto) pa madigiri 160 Celsius, masekondi 15. Tsiku loyamba zilembo zinali mbee, patatha masiku atatu zonse pinki. Khumi oyamba amene ndasindikiza awonongeka. Sponsa akuti bola timu ingovala zobiriwira ngati sitolo yake, komiti yakanitsitsa. Ligi ikuyamba pakatha masabata awiri.

Wosindikiza, Limbe: Achimwene, wolakwa ndi moto. Utoto wa poliyesita ukatenthedwa cha m'ma 150 kupita m'mwamba umasanduka mpweya, n'kuyamba kulowa mu guluu wa vinyl mpaka kutulukira pamwamba pa vinyl. Umayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake tsiku loyamba simuona kanthu. Ofiira, maruni ndi nevi ndiwo amavutitsa kwambiri. Gulani vinyl ya subli block. Mukaitembenuza muona kumbuyo kwake kuli kotuwa kapena kwakuda, chimenecho ndiye chotchinga utoto. Yambiri imagwira pa 130, masekondi 10 mpaka 12, koma tsatani zimene wopanga walemba. Kupana koyamba kochotsa chinyezi kusapitirire masekondi atatu.

Makinawo muwayezenso. Angalembe 130 koma pakati pali 145, m'makona 120. Tengani choyezera kutentha, muyeze pakati ndi makona onse anayi. Ndipo jezi ikachoka pamoto musaunjike pa inzake ili yotentha, iyaleni payokha izizire.

Wa screen printing, Lilongwe: Musathawire ku inki ya plastisol wamba poganiza kuti mwapulumuka. Imauma pa 160, ndiye pinki yomweyo. Ngati ndi inki, ikhale ya low cure, youma pa moto wochepa, pansi muyambe ndi blocker yotuwa yotchinga utoto, yoyera ibwere pamwamba. Kaya musankha iti, sindikizani jezi imodzi kaye, muisiye m'galimoto yoima padzuwa, mudikire maola 72. Ikakhalabe yoyera, pitirizani 25 otsalawo.

Mlembi wa timu, Blantyre: Za moto ndasiyira eni ake, ine ndilowe pa mtunduwo. Komiti yachita bwino kukana. Taonani Maule: akhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenako FCB kutsogolo, koma munthu akatsika minibasi ku Ndirande atavala zofiira ndi zoyera palibe amafunsa kuti ndi wa timu iti. Manoma adutsa m'manja mwa Yamaha, Limbe Leaf, Be Forward ndi Mukuru, koma pa Lali Lubani mtima udakali wa buluu. Ku Wales, mwini wa Cardiff City, Vincent Tan, adasintha jezi kuchoka pa buluu kupita pa yofiira mu 2012. Masapota sanagonje, mu January 2015 buluu idabwerera. Anthu amene sponsa wanuyo akufuna kuti azigula m'sitolo mwake ndi anthu omwewo amene akwiye akaona timu ya kwawo yavala ngati antchito ake.

Mpatseni jezi yachiwiri, yosewerera koyenda. Ikhale yoyera, mizere yobiriwira, dzina lake lalikulu bwino. Ndipo mu mgwirizano mulembedwe zinthu zinayi: mtundu wa jezi ya pakhomo sukhudzidwa, dzina likhala pati ndipo lalikulu masentimita angati, mgwirizano ndi wa masizoni angati, ndi amene alipire kusindikizanso akachoka pakati pa ligi. Chomalizachi ambiri amachiiwala. Chithunzi cha majezi onse awiri chipite kwa oyendetsa ligi musanadule nsalu, ndipo pamsana pamene pakhale nambala musaikepo chilichonse.

Wosindikiza, Limbe: Jezi yoyerayo ndiye yosavuta. Chitani sublimation, yosindikiza papepala n'kupana pa nsalu ndi moto, madigiri 200, masekondi 45 mpaka 60. Utoto umalowa mu ulusi, palibe chomatuka. Pa yofiira sizingatheke chifukwa sublimation ilibe inki yoyera.

Wosindikiza, Dedza: Nanga khumi aja, bambo? Ndimate ina pamwamba?

Telala, Zomba: Ayi mwanangu, mukatenthanso mudzutsa utoto wina, komanso pachifuwa padzauma gwa ngati chikopa, wosewera thukuta osatuluka. Mankhwala oyeretsera sathandiza, pinkiyo ili mkati. Sindikizani dzinalo pa kansalu koyera ka twill, ndiye kasokedwe ndi zigizagi kuphimba pakalepo. Amenewo akhale a kokonzekera kapena ogulitsa kwa masapota motsika mtengo. Wochapa mumuuze: kutembenuza kunja kukhale mkati, madzi ozizira, kuyanika pamthunzi, simbi isayandikire.

Wosindikiza, Dedza: Zamveka, zikomo nonse. Mawa ndiyeza makina, ndipana imodzi pa 130, Lachisanu ndikuonetsani mmene yakhalira. Za jezi yachiwiri ndakambirana kale ndi apampando, akukaonana ndi sponsa madzulo ano.