Tsiku la chikhalidwe pasukulu: gule timulowetsa bwanji?

Ahedi, pulayimale ya ku Dowa

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Komiti ya sukulu yagwirizana kuti tichite tsiku la chikhalidwe teremu ino isanathe. Ana alipo 900, makolo tikuyembekezera 300. Makolo ena akufuna Gule Wamkulu, a mipingo ina akuti gule akabwera ana awo sapondako. Wina waganiza zoti anyamata a Sitandade 7 apange zigoba za makatoni, avine okha. Komanso thobwa la anthu onsewa tilikonza bwanji?

Aphunzitsi a Expressive Arts, Dedza

Zamakatonizo musayerekeze, Ahedi. Mwana wosameta akavala chigoba, mlandu wake ukathera kwa amfumu, ndipo olipa ndinu. Gule ali ndi eni ake. Pitani ndi wapampando wa komiti kwa mfumu ya mzinda kudakali masabata atatu, musatume kalata. Amfumu ndiwo auze atsabwalo, omwe amayang'anira bwalo la gule, ndi akuluakulu a kudambwe. Mukagwirizane zilombo zoti zituluke, ola lake, ndi pomwe pakhale liunde, malo omwe gule amakonzekera asanalowe m'bwalo. Liundelo likhale kunja kwa mpanda, kumbali komwe ana sadutsa popita kuchimbudzi kapena kumjigo. Pemphani gule wachisangalalo monga Maliya, Simoni kapena Makanja. Kang'wingwi ayi, ana a Sitandade 1 abalalika mpaka kupondana. Njobvu musaitchule n'komwe, siituluka pa zochitika ngati izi.

Mlangizi wa zamaphunziro, Kasungu

Ndikuvomereza, koma gule mumuike kumapeto kwenikweni. Zochita za ana zithe pofika 1 koloko, mulize belu, mulengeze kuti sukulu yaweruka. Kuyambira apo bwalo lili m'manja mwa amfumu, wofuna kupita apite. Mukatero palibe kholo linganene kuti mwana wake anakakamizidwa. Ndondomekoyi ilembedwe m'kalata ya makolo, ndipo abusa ndi mashehe muwaitane pamsonkhano wokonzekera, asamve mphekesera. Wina akafunsa chifukwa chake sukulu ikulola gule, yankho lilipo: UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Mayi aphunzitsi, Ntcheu

Inetu ndikuona kuti mwatanganidwa ndi gule, mwaiwala ana eni tsikulo. Atsikana avine chimtali ndi chiterera, anyamata mganda. Ngati muli ndi ana a Chingoni, Chiyao kapena Chilomwe, ingoma, beni ndi tchopa zikhalepo, koma ophunzitsa akhale makolo a mtunduwo, osati mphunzitsi woonera pa foni. Chisamba samalani nacho: nyimbo zina n'za kuchinamwali, ndiye anamkungwi azimve kaye asanaziimbe ana pagulu. Gulu lililonse mphindi 8, apo ayi dzuwa likulowerani.

Ng'oma muziwambe pamoto wa udzu kutatsala mphindi 10, motalikira pang'ono, uku mukuomba kuti mumve ngati yalira. Ikayandikira lawi chikopa chimang'aluka. Kukakhala chinyezi imafooka msanga, choncho moto usazime kuseri kwa bwalo. Mabaja a mganda, zikho zoimbira zija, akhale ochulukirapo, nembanemba yake siichedwa kuboka.

Aphunzitsi a zaulimi, Lilongwe kumudzi

Za thobwa, Ahedi. Ndowa ya malita 20 imafuna ufa wa mgaiwa pafupifupi makilogalamu 2 ndi chimera kilogalamu 1, ndipo imatulutsa makapu 80. Kwa anthu 1,200 ndiye ndowa 15. Phala liphikidwe dzulo lake masana. Chimera athire phala litafunda, loti chala chikhoza kupiriramo. Likakhala lowira chimera chimapsa, thobwa silisungunuka ndipo silitsekemera. Ligone usiku umodzi, mamawa aliwiritsenso. Akalikonza kudakali masiku atatu limayamba kusasa, mudzapezeka mwamwetsa ana mowa. Ntchitoyi muwapatse amayi a Mother Group, muwagawire midzi, mudzi uliwonse ndowa ziwiri kapena zitatu.

Aliyense abwere ndi kapu yake, madzi osamba m'manja akhale othira klorini, ndipo alangizi a zaumoyo adziwe tsikulo.

Aphunzitsi a Expressive Arts, Dedza

Chinanso: zosupa gule musatenge pa thumba la sukulu, owerengetsa ndalama sadzakumvetsani. Zichokere kwa makolo kudzera kwa amfumu. Ndipo mulengeze kuti wojambula gule ayambe wapempha kwa atsabwalo.

Ahedi, pulayimale ya ku Dowa

Zikomo nonse. Lachiwiri tikupita kwa agulupu ndi wapampando. Mayi a ku Ntcheu, nditumizireni mndandanda wa nyimbo za chiterera zoyenera ana a Sitandade 4.