Thandizeni: zolosera za nyengo kuno ku Yorkshire ndizikhulupirira ziti?

Membala wosadzitchula dzina

Moni nonse apagulu, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno. Ndimagwira ntchito ya kheya yoyendera okalamba m'makomo mwawo kudera la Huddersfield. Nyumba yoyamba ndimayenera kufika 7 koloko m'mawa, ndipo agogo ena amakhala kumtunda cha ku Marsden ndi Holmfirth, kumene misewu yake ndi yazitunda ndi yokhotakhota. Aka n'koyamba kuti nyengo yozizira indipeze ndikuyendetsa galimoto kuno.

Chandizunguza mutu ndi ichi. Tsiku lina a Met Office, bungwe la boma loona zanyengo, anatulutsa chenjezo lachikasu la sinowo, kutacha kunangogwa mvula wamba. Tsiku lina panalibe chenjezo, foni imangoonetsa mtambo ndi 1°C, koma kunja kunkawaza timvula tosaoneka n'komwe, galimoto yonse itakutidwa ndi ayisi, ndipo pamsewu wotsetsereka wa kwathu magalimoto ankangoterereka. Ndiye usiku ndisanagone ndiziyang'ana chiyani kuti ndidziwe mmene msewu udzakhalire m'mawa? Ma apu awiri amene ndili nawo satchulanso zofanana.

A Banda, Aberdeen

Achemwali, zimene munaonazo ndi mvula yamawawa youndana, ndipo kwa woyendetsa galimoto ndi yoopsa kuposa sinowo amene amadzaza m'nyuzi. Ine ndimagwira ntchito pabwalo la ndege. Malipoti a nyengo a pabwalo amailemba kuti FZDZ, ndipo zilembo zimenezi zikaoneka aliyense amakhala tcheru.

Ganizirani chiperoni cha ku Thyolo: mtambo wotsika, timadontho ting'onoting'ono tongoyandama. Kusiyana kwake n'koti kuno mpweya ndi nthaka zimakhala zitazizira kupyola 0°C. Madzi a mumtambo saundana okha akangofika pa 0, amafuna kanthu koyambirapo. Mtambo ukakhala wotsika komanso wopyapyala, pamwamba pake osazizira kufika cha m'ma -10°C, mumakhala mulibe timibulu ta ayisi topangira sinowo. Ndiye timadonthoto timagwa tikadali madzi, n'kuundana pompo tikangokhudza galasi, msewu kapena masitepe.

Chifukwa chake foni yanu inangokhala chete. Dontho la mvula yamawawa silifika ngakhale theka la milimita, ndipo radar, makina oonera kumene mvula ikugwa, imavutika kuliona. Komanso kuwala kwa radar kumanka kukwera m'mwamba pamene kukutalikira, motero mtambo wotsika umatha kudutsidwa pamwamba osaonedwa. Makompyuta olosera nawonso zinthu zazikulu ngati mkuntho wochokera ku Atlantic amaziona masiku angapo zisanafike, koma kamtambo kokhala paphiri limodzi kamawazemba. Madzi ake ndi ochepa moti m'chopimira mvula simupezeka kanthu, koma msewu umakhala watha kale.

Musaisokoneze ndi mvula yeniyeni youndana. Iyo imayamba ngati sinowo kumwamba, n'kusungunuka podutsa mumpweya wofunda wa pakati, kenako n'kugwera mumpweya wozizira wa pansi. Ku Britain imeneyi sigwa kawirikawiri. Inavutitsa ku Devon ndi kum'mwera kwa Wales kumayambiriro kwa Marichi 2018, nthawi ya mkuntho wa Emma.

NaPhiri, Bradford

A Banda afotokoza za kumwambako, ine ndinene za pansi pano chifukwa ntchito yanuyo ndi yanganso.

Nambala ya pafoni ija ndi ya mpweya, amaipima pamtunda wa mamita 1.25 kuchokera pansi. Msewu umatha kuzizira kuposa pamenepo, makamaka usiku wopanda mitambo ndi mphepo. N'chifukwa chake galimoto imalira kabelu ikafika pa 3 kapena 4°C, sikuti yapenga ayi. Ine ndikaona kuti usiku kutsika kufika pa 3, ndipo madzulo kunagwa mvula kapena m'mawa akuti kukhala chifunga, ndimadzuka ngati kuli ayisi basi, chenjezo lilipo kapena palibe.

Chachiwiri, siyani kulemba Huddersfield mu apu. Lembani dzina la mudzi umene mukupita. Tauniyo ili m'chigwa, pamene msewu wa Holme Moss pamwamba pa Holmfirth umafika mamita 524. Mpweya umazizira pafupifupi 0.65°C pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, ndiye kusiyana kwake kumayandikira madigiri atatu. M'tauni mvula, kumtunda sinowo, ola lomwelo. Kuno kwathu n'chimodzimodzi: bwalo la ndege la Leeds Bradford ndi lokwera kuposa onse mu England, ndipo kumeneko kumayera pamene pakati pa Leeds anthu angonyamula maambulera.

Che Jali, Luton

Ine ndinasiya kale kuwakhulupirira anthu amenewa. Chaka chilichonse nyuzi zimaika mapu ofiirira kuti sinowo wa zaoneni akubwera sabata yamawa, ine n'kugula mkaka ndi buledi wodzaza filiji, kenako kunja dzuwa phwee.

A Banda, Aberdeen

Che Jali, amene munasiya kuwakhulupirirawo ndi a nyuzi, osati olosera. Makompyuta olosera aja amawayendetsa kambirimbiri, ulendo uliwonse atasinthako pang'ono poyambira, kuti aone ngati mayankho akugwirizana. Mtolankhani amangotolapo mapu amodzi owopsa kwambiri a masiku khumi akubwera n'kupanga mutu wankhani. Za sinowo kuno, masiku awiri kapena atatu ndiwo odalirika, ndipo ngakhale pamenepo digiri imodzi imasintha zonse, chifukwa sinowo akamabwera dziko lino nthawi zambiri limakhala pamalire, pakati pa 0 ndi 2°C. Mvula ikalimba imaziziritsa mpweya umene ikudutsamo n'kusanduka sinowo. Ikafooka imakhala mvula yomweyo. Ma apu amasiyana chifukwa ena amatenga za Met Office ya ku Exeter, ena za likulu lolosera nyengo la ku Ulaya la ECMWF, ena za kompyuta ya ku America ya GFS, ndipo kachithunzi ka paola lililonse kaja nthawi zambiri palibe munthu amene wakayang'ana.

Mayi Nkhoma, Sheffield

Pa chenjezo lachikasulo, mwanawe, sanakunamizeni. Ambirife timangoona mtundu osalitsegula. Mukalitsegula mupeza bokosi logawidwa timabokosi: mbali ina ikunena kukula kwa chiwonongeko, mbali ina ikunena ngati zili ndi mpata waukulu wochitika. Lachikasu limatha kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Mwina akuti zichitika ndithu koma zazing'ono, mwina akuti n'zokayikitsa koma zikachitika zikhala zazikulu. Lanu lija liyenera kuti linali lachiwirili. Werenganinso mawu a pansi pake, amatchula kuti sinowo agwa kuyambira mamita angati kupita kumtunda, 200 kapena 300, ndiye muziyerekeza ndi kumene kuli agogo anuwo.

Ndipo chenjezo la ayisi ndi lapalokha, musalipeputse chifukwa mulibe mawu oti sinowo. Kwa ife a ntchito ya m'mamawa limenelo ndilo lathu.

Za lofiira sitikambirana. Mu 2018 anthu mazanamazana anagona m'magalimoto pamsewu waukulu wa M62, pafupi ndi kwanuko, ngakhale kumeneko chenjezo silinafike pa lofiira.

Membala wosadzitchula dzina

Zikomo amayi, bokosilo ndinali ndisanalionepo. Nanga akalemba kuti sinowo wochepa, ndidandaule? Ndimaona malole othira mchere akudutsa madzulo.

NaPhiri, Bradford

Wochepayo zimatengera wagwera pati. Akagwera pamsewu wofunda amasungunuka, palibe nkhani. Akagwera pamsewu wozizira kale 6 koloko m'mawa, sentimita imodzi yokha matayala amaipondereza n'kukhala ayisi. Ubwino wake sinowo wobwera m'magulumagulu ndi mphepo ya kum'mawa kuchokera ku North Sea amaoneka bwino pa radar, ndiye mukadzuka tsegulani mapuwo muone kumene akulowera. Radar ikakhala yoyera koma galasi likunyowa n'kumaundana mawaipa akudutsa, dziwani kuti ndi zija anena a Banda.

Malolewo musawadalire kwambiri. Khonsolo imayambira misewu ikuluikulu ndi ya mabasi, pamene timisewu ta m'makomo tambiri safikako. Mapu a misewu yothiridwa mchere ali pa webusaiti ya Kirklees Council, khonsolo ya kwanuko, sankhani njira yanu potengera amenewo ngakhale ikhale yozungulira. Mchere umafunanso magalimoto auponde kuti ugwire ntchito, mvula imaukokolola, ndipo kukazizira kupyola -5°C mphamvu yake imachepa. Inu amene mumadutsa woyamba m'mawa ndi amene mumayesa msewu. Mabokosi achikasu a m'mbali mwa msewu muli mchere wothira pamsewu ndi panjira ya oyenda pansi, ikani kafosholo m'buti.

Achimwene a taxi, Halifax

Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, imati pa ayisi mtunda woimira umatha kuchuluka kakhumi. Zimitsani wailesi muzimvera matayala: akasiya phokoso, chiwongolero n'kupepuka, muli pa ayisi. Ponyamuka giya yachiwiri, potsika phiri lowetsani giya yotsika musanayambe kutsikako, buleki pang'onopang'ono. Milatho ndi malo a mthunzi wa mitengo zimayamba kuundana msewu wonse usanaundane. Lamulo limafuna mano a tayala a mamilimita 1.6, koma kumapiri kwanuko amenewo ndi ochepa, ine ndimasintha asanafike pamenepo.

Che Jali, Luton

Galasi ingothirani madzi a m'ketulo, masekondi awiri zatha.

Achimwene a taxi, Halifax

Che Jali, galasi likasweka mudzawagulira ndinu? Madzi owira pagalasi lozizira amang'amba. Chopalira ndi mankhwala opopera basi, ndipo palani mawindo onse, magalasi a m'mbali ndi magetsi, osati kabowo kosuzumira. Apolisi amaimitsa.

Membala wosadzitchula dzina

Lomaliza. Ndikaona kuti msewu wa kumtunda suyendeka, ndingakane kupita? Ndili pa viza ya ntchito, ndimaopa kuoneka wamwano.

Mayi Nkhoma, Sheffield

Musakane chamumtima ndipo musangokhala osapita. Imbani foni ya ofesi yausiku nthawi yomweyo mwaona vutolo, ngakhale 6 koloko isanakwane, kenako tumizani uthenga wolemba kuti pakhale umboni, ndi chithunzi cha msewu ngati mungathe. Nenani dzina la msewu ndi chimene mwaona. Funsani kuti ndani ayenera kufikiridwa msanga, monga a mankhwala a shuga ndi amene sangadzuke okha pabedi, ndipo ndani angadikire mpaka 9 koloko kapena abale awo angawaone kaye. Lero lomwe afunseni a manijala akupatseni ndondomeko yawo ya nyengo yoipa, muiwerenge kusanazizirenso.