Mwana ali ndi masabata 7, majowajowa ndiyambire pati?

Make Shakira (Mpondasi):
Moni nonse. Ndinachira ndi opareshoni ndipo mwana wakwanitsa masabata 7. Mimba ikuonekabe ngati muli wina, msana umawawa madzulo aliwonse, ndipo ndikatsokomola mkodzo umadontha pang'ono. Tsiku limathera kuyamwitsa, kuchapa matewera ndi kukhala pa kaokala kanga. Ndikufuna kubwerera ku majowajowa koma nthawi palibe, ndiye kutentha kwa kuno ku Mangochi mukukudziwa kale. Apongozi akuti ndizingomanga chitenje pamimba, zibwerera zokha. Ndiyambe ndi chiyani, kangati, nthawi yanji?

Anesi_a_Sikelo:
Achemwali, kodi tsiku limene mwana analandira katemera wa masabata 6, inunso anakuonani? Amayi ambiri amangokwezetsa mwana sikelo n'kubwerako. Ngati zinatero, pitaninso akaone bala ndi kukuyezani magazi. Munthu wochepa magazi akayamba majowajowa amamva chizungulire ndi kuthamanga mtima, n'kumaganiza kuti ndi ulesi wa thupi. Dziwaninso kuti khungu limapola msanga kuposa zimene anasoka mkati.

Mkodzo ukudonthawo ndiwo ukukuuzani poyambira. Pansi pa chiuno pali minofu imene imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndipo inasenza katundu miyezi 9 ngakhale mwana sanadutse njira yake. Gonani chagada pa mphasa, mawondo mutapinda. Finyani kumusi ngati mukuletsa mpweya woipa ndi mkodzo nthawi imodzi, mumve ngati mukukokera m'mwamba. Gwirani masekondi 3, masulani masekondi 5, mubwereze ka 10. Kenako finyani ndi kumasula mofulumira ka 10. Muzitero katatu pa tsiku, n'kumawonjezera nthawi yogwira mpaka mufike masekondi 10. Anthu amalakwitsa zitatu: kugwira mpweya, kufinya matako ndi ntchafu m'malo mwa kumusi, ndi kuchita zimenezi m'chimbudzi mkodzo uli mkati motuluka. Chachitatuchi chimapangitsa kuti mkodzo uzitsalira m'chikhodzodzo. Mukazolowera mukhoza kumachita muli khale mukuyamwitsa, palibe amene angadziwe. Kusintha kumaoneka pakatha pafupifupi miyezi 3, osati sabata imodzi.

Za mimba, iyezeni kaye. Muli chigonere chomwecho, ikani zala chopingasa pamwamba pa mchombo, n'kudzutsa mutu pang'ono. Mumva mizere iwiri ya minofu ikubwera kudzapana zalazo. Ngati pakulowa zala zoposa 2, kapena pakati pakutukumuka kamzere mukamadzuka, ndiye kuti minofuyo sinabwererane. Pamenepo zija zogona n'kumadzuka kukagwira mawondo zisiyeni, zimakankhira matumbo pa mpata womwewo. M'malo mwake pumirani mkati mimba ifufume, ndipo potulutsa mpweya kokerani mchombo kumsana pang'onopang'ono, masekondi 5, ka 10. Podzuka pa bedi, yambani mwatembenukira chammbali n'kudzikankha ndi mkono.

Kochi_wa_Boma:
Anesi anena za mkati, ine ndinene za nthawi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi amene wachira azifika mphindi 150 pa sabata za masewera apakatikati. Musachite nazo mantha, sanati muzichite tsiku limodzi, ndipo simuyambira pamenepo. Mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, masiku 5, zakwana kale 100. Amene amadikira kuti apeze ola lathunthu sayamba n'komwe, chifukwa mwana wakhanda sapereka ola.

Gwiritsani ntchito masiku a katemera ngati malire, popeza simungawaiwale. Kuyambira pano mpaka katemera wa masabata 10, kuyenda basi, pamalo osakwera, mphindi 10 mpaka 15. Liwiro lake likhale loti mukutha kulankhula koma kuimba kukuvuta. Kuchokera masabata 10 mpaka 14, kuyendako kufike mphindi 20 kapena 30, ndipo muwonjeze zitatu izi katatu pa sabata: kukhala pa mpando n'kudzuka osagwira ka 10, kugona chagada n'kunyamula matako m'mwamba ka 10, kutsamira khoma ndi manja n'kumadzikankha ka 10. Pumulani mphindi imodzi, mubwerezenso kawiri. Zonsezi sizitha mphindi 12. Nthawi iliyonse imene mukugwiritsa mphamvu tulutsani mpweya.

Kuthamanga, kudumpha chingwe ndi netibolo zidikire miyezi 3 idutse, komanso mkodzo utasiyiratu kudontha. Yeso lake ndi ili: muyende mphindi 30 mwachangu, muime ndi mwendo umodzi masekondi 10, mudumphe pamalo amodzi ka 10. Ngati pena padontha, pena pakuwawa, kapena mukumva kulemera kumusi, simunafike.

Kuno nthawi ndi m'mawa. Okutobala ndi Novembala kumakhala kutayera kale 5 koloko ikangodutsa, ndipo ikamakwana 8 tala ayamba kuotcha. Yamwitsani kaye mwana, kuti mabere apepuke ndipo iye agone, kenako tulukani. Amene mumadzuka ku swala ya m'bandakucha, muli maso kale, ingopitirizani. Madzulo kukhale dzuwa lisanalowe, udzudzu usanayambe. Pewani msewu waukulu wopita ku Liwonde ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi nthawi imene akabaza achuluka, sankhani tinjira ta m'mudzi. Mchenga wofewa umalemetsa miyendo ndi chiuno, muusiye kaye. Imwani kapu ya madzi musananyamuke ndi ina pobwera, ndipo ngati mkodzo ukutuluka wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa. Mkaka suuma chifukwa choyenda, bola muzidya mokwanira.

Usiku umene mwana sanakugonetseni, tsikulo gonani. Chitani zofinya zija basi.

Azakhali_a_Namwera:
A Kochi, mukuiwala kuti mayiyu sakukhala chikhalire. Amene akuchapa, kusinja ndi kutunga madzi wachita kale masewera, vuto n'lakuti akuwachita mopweteka msana. Ndowa ya malita 20 ikadzadza ndi makilo 20, pamene khanda la masabata 7 limakhala cha m'ma kilo 5. Kuitukula kuchokera pansi kufika pamutu ndiko kumakoka bala ndi kukankhira zonse kumusi. Mwana wanga, panopa muzitunga theka, kapena mutenge zigubu ziwiri za malita 5, china dzanja ili china ili. Potola chinthu pansi pindani mawondo, msana uli woongoka. Beseni lochapira muliike pa tebulo kapena pa mpando, osati kuwerama ola lathunthu. Ndowa yodzadza ikhale ya bambo a mwana, nawonso mimba iphweko.

Chitenje cha apongozi si choipa, chimathandiza kuti bala lisagwedezeke poyenda kapena potsokomola. Koma sichilimbitsa minofu, ndipo mukamanga zolimba kwambiri mphamvu yonse imatsikira pa chikhodzodzo chomwe chikudontha kalecho. Mumange moti dzanja lizilowa, ndipo pogona muzimasula. Ndi kutentha kuno thukuta limakhala pa bala, choncho muzipukuta paume.

Ngati mukuyenda mutabereka mwana, khosi lake silinalimbe mpaka cha m'ma miyezi 4. Chitenje chifike kukhosi, mutu utembenukire mbali, mphuno ili poyera, ndipo musamufunditse bulangete pa dzuwa. Asanakwane miyezi 6 madzi osamupatsa ngakhale kutenthe bwanji, ndi bere basi.

Make Shakira (Mpondasi):
Zikomo nonse. Ndayeza, zikulowa zala 3. Nanga kusambira kunyanja, poti amati sikupweteka mawondo?

Anesi_a_Sikelo:
Zala 3 pa masabata 7 si zachilendo. Pitirizani zokokera mchombo zija, muyezenso tsiku la katemera wa masabata 14. Ngati mpata sunachepe, pemphani akutumizeni kwa a fiziyo, omwe amathandiza kulimbitsa minofu, ku chipatala cha boma. Kusambira kudikire magazi asiyiretu ndipo bala liumiretu, ndipo m'mbali mwa nyanja momwe muli bango ndi nkhono, kapena m'Shire, musalowemo. Likodzo limachepetsa magazi amene mukufuna kubwezawa, osanena za ng'ona.

Siyani masewera mupite kuchipatala tsiku lomwelo mukaona izi: magazi ofiira abwereranso kapena achuluka, bala lafiira, latupa kapena likutuluka madzi, thupi latentha, katumba ka mwendo umodzi katupa n'kumawawa, kapena mukubanika muli chikhalire.