Nsungwi za kumpanda zalowa kwa aneba, ndizitani?

Abale ndithandizeni nzeru. Mu 2019 ndinadzala nsungwi kuseri kwa nyumba kuno ku Area 49 kuti zikhale mpanda, nthawi imeneyo ndalama ya njerwa ndi simenti kunalibe ndiye amalume anandibweretsera zitsa 12 kuchokera ku Dedza, zija zachikasu za mizere yobiriwira. Zaka ziwiri zoyamba zinali zomvetsa chisoni mpaka madamu ankandiseka. Pano eee zapitirira denga, fumbi la mu Okutobala silifikanso pakhonde, mitengo yoimikira tomato sindigulanso.

Koma ndinalakwitsa, ndinadzala pafupi kwambiri ndi malire, mwina theka la mita basi. Mvula ikangogwa mu Disembala mphukira zimatuluka zonenepa ngati mkono wa mwana, lero ili m'bondo sabata yamawa yakupitirira, phata lililonse likungokulirakulira. Aneba anamanga fensi ya njerwa chaka chatha, dzulo andiitana mwaulemu ndithu kukandionetsa mng'alu pakhoma, komanso mphukira zitatu zatulukira mbali yawo pafupi ndi septic tank, masamba nawo adzaza magata a padenga lawo. Manyazi anandigwira, anthuwa ndi omwe amatisungira makiyi tikapita kumudzi.

Ndadulapo ndi chikwanje zikuphukanso, khasu linathyoka mpini pa chitsa chimodzi chokha. Wina akuti thirani mchere kapena oilo wakuda koma mpiru wanga uli pomwepo. Kuzula zonse mtima ukukana. Amene munakumanapo nazo munatani?

— Achimwene zachikasuzo siziyanga pansi ngati kapinga, zimangofutukula phata. Kumbani ngalande yofika m'bondo pakati pa nsungwi ndi khoma, osakwirira, mphukira ikangosuzumira thyolani ikadali yanthete, ndi phazi lomwe imathyoka. Ikakhwima ndiye ntchito.

— Za oilozo ayi chonde, muononga dothi. Pezani aganyu awiri, piki ndi nkhwangwa, phata lililonse alidule pakati achotse mbali yakukhomayo. Zitsazo osataya, kadzaleni kumunda.

— Ine ndingofunsa, njoka sizikuvutani? kwathu tinadula chifukwa cha zomwezo

— Zikomo nonse. Njoka sindinaonepo, pansi timasesa pafupipafupi. Ngalandeyo ndiyamba Loweruka, koma nanga kukumba pafupi ndi maziko a fensi yomwe yang'aluka kale, nthawi ya mvula ino, sindigwetsa khoma la eni ake?