Gulu lathu lowerenga lasanduka bwalo la miseche, nditani?

Wofunsa: Admin mundibise dzina. Tili ndi kagulu ka amayi kuno ku Area 25, timakumana Loweruka masana mosinthana makomo. Wina amawerenga nkhani, kenako aliyense amanena mwambi kapena vesi lomwe lamukhudza sabata imeneyo, n'kumaliza ndi nkhani za m'dera: maliro, madzi akasiya kutuluka, mtengo wa chimanga pamsika wa Nsungwi. Sabata yatha pa nkhani za m'derapo mayi wina anayankhula zinazake, onse n'kucheukira ine. Mayi ameneyu ndi yemwe sanabweze mphika wanga chibwerekereni pa chinkhoswe cha mwana wake. Akabwera kwathu shuga amathira mosaona kumbuyo, koma kwawo tinamwa thobwa lozizira lopanda chotafuna. Loweruka lino ndi kwathu. Bambo a ana akuti ndingosiya. Nditani amayi anzanga?

Make Chisomo: Anati chiyani mayiyo? Simunanene.

Aunt a ku Joni: TULUKANIMO. Magulu a amayi ndimawadziwa ine. Tinayamba ndi mavesi ife, kenako banki m'khonde, mapeto ake msungichuma anasowa ndi ndalama zathu zonse mu December. Kuwerenga n'chiphimbamaso chabe.

Mphunzitsi wopuma: Vuto lanu mumawerenga pang'ono, mpata wa pakamwa ukuchuluka. Pezani Tamvani wa mu Weekend Nation, kapena Fuko ndi Boma Lathu, zonse m'Chichewa. Ku National Library ku City Centre mabuku amabwereketsa. Nkhani za m'dera zizilembedwa papepala, mlembi aziyamba waziona.

Aunt a ku Joni: Aphunzitsi, minibasi ya ku City Centre mulipira ndinu? Munthu akulira mphika inu mukuti laibulale.

Gogo wa Mvano: Mwana wanga, mumayamba ndi pemphero? Ife a Mvano takhala zaka zambiri osakanganirana shuga. Atsikana a masiku ano mumafuna gulu lopanda mkulu woti n'kudzudzula.

Nachisale: Agogo musatinamize, kwanuko ndiye amakanganirana mpando mpaka kwa abusa 😂

Gogo wa Mvano: Ulemu mwanawe, sindine msinkhu wako.

Wofunsa: Timapemphera agogo. Mphikawo ndi waukulu, wophikira nsima ya pamaliro, anandigulira ndi malemu mayi anga.

Make Chisomo: Asisi, za mphika tamva. ANATI CHIYANI?

Bambo wodutsa: Ndikoyamba kumva kuti amayi akakumana amawerenga. Akazi anga akati akupita ku gulu amabwerako ndi mbiri ya mudzi wonse, tsamba ngakhale limodzi ayi.

Aunt a ku Joni: Achimwene akulowetsani muno ndani? Inu kubawo mumakambirana za feteleza? Koma asisi ndikubwereza, tulukani. Ngati ananenazo anaziikanso pa WhatsApp, lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Sungani mauthengawo. Mnzanga wina kuno anachita choncho, wamiseche uja anapepesa atagwada.

Nachisale: Musavutike ndi apolisi. Nthawi ya miyambi ikakwana mungoti “kandimverere anakanena za m'maluwa,” uku mukumuyang'ana m'maso. Shuga muthiriretu mu ketulo.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye kuthira mafuta pamoto kumeneko. Muonane ndi wapampando awiriwiri Loweruka lisanafike. Poti 15 October yayandikira, mutu wa tsikulo ukhale Tsiku la Anakubala, aliyense abwere ndi mawu omwe mayi ake ankakonda kunena. Simutsala nthawi ya zinazo.

Aunt a ku Joni: Wapampando ndi wamisecheyo n'kutheka amadyera mbale imodzi. Msungichuma wathu uja anali mlamu wake wa wapampando.

Wofunsa: Wapampandoyo ndi mayi yemweyo.

Nachisale: Eee! Ndiye mphika uja muuiwale asisi.

Make Chisomo: Ine ndapita kukaphika, mukanena zomwe ananenazo munditage.