Abambo akunyumba akundiletsa kukaonanso oimba amene ndimawakonda, ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina: Admin musaonetse dzina chonde, azilamu anga ali m'gulu muno. Ndine mai wa ana atatu, ndimagulitsa salaula pa Kapata. Pali azibambo awiri oimba amene ndinayamba kuwakonda ndisanakwatiwe. Ndinawaonera kuno ku Chipata, ndinawatsata ku Katete, ku Petauke nakonso ndinafika. Tsopano akuimbanso, koma abambo akunyumba akuti sindipita, ati nyimbo zake ndi zomwe zija ndili nazo pa fulashi.

Abale, si zomwezo ayi. Wamfupi uja amayamba yekha ndi mawu okwera, wamtali amangoima atagwira khutu, kudikira, kenaka amalowa chapansi ndi besi yake. Mawu awiriwo akakumana ine thupi lonse tsembwe. Ndipo saimba mofanana kawiri. Ku Petauke anatembenuza ndime yonse n'kuiimba m'Chinsenga, azimai nthungululu mpaka oimbawo anaseka. Ku Katete magetsi anathima pakati pa nyimbo, iwo osaima, anapitiriza pakamwa pokha ife tonse tikuvomera mumdima. Zimenezi pa fulashi mulibe.

Ndalama ndi yanga, ya chilimba, ngakhale mai wina sanaponyebe yake ndipo akandiona pamsika amakhota. Apongozi nawo anabwera kuchokera ku Chadiza ati sabata imodzi, mwezi watha tsopano, ndipo ndi amene akusonkhezera moto. Iwo abambo mpira wa ku England amaonera ku bala Loweruka lililonse, ine sindinatsegulepo pakamwa. Ndichite bwanji kuti ndipite popanda ndewu panyumba?

Wa njinga yamoto, Mchini: Amai, akuimbira kuti ndipo liti? Tiyambire pamenepo.

Mlimi wa ku Sinda: Mai, mvula ili pakhomo. Mwagula feteleza wa D Compound? Urea mwagula? Anthu a m'tauni ndalama ya chilimba mumakaiponya pa geti, Febuluwale ikafika muli pamzere wa unga mukudandaula mtengo. Ine chimanga changa ndinagulitsa kwa ogula a masikelo, anandibera pa kilo, koma yotsalayo ndinagula mbewu. Oimba anuwo adzakulimirani?

Mtsikana wa ku Kalongwezi: Atate, mai anena kuti amagulitsa salaula. Munda mwauona pati?

Mlimi wa ku Sinda: Wa kum'mawa wopanda munda alipo? Mwana iwe usandiyankhe choncho, ndine msinkhu wa atate wako.

Mphunzitsi wa kwaya: Ine mai ndakumvetsani. Mawu awiri ozolowerana ndi chinthu chosowa. Pojambula amakonza zonse ndi kompyuta, aliyense amaimba payekha kenaka amalumikiza, koma pabwalo wina akatsetsereka mnzake amayenera kumunyamula pomwepo, ndipo khutu lozolowera limamva. N'chifukwa chake munthu amabwererako. Ife tinakulira nyimbo za makewane za Sakala Brothers, Levy ndi Moses, magitala akulira ndithu. Kapena ndi amenewo? Chimene chimandinyansa ndi achinyamata a masiku ano, DJ aika nyimbo, iwo akungokuwira pamwamba, anthu alipira.

Mnyamata wa studio: Aphunzitsi manje mwayamba kutinyoza. Mukudziwa mtengo wobwereka ng'oma, ma speaker ndi genset? Anthu safuna kulipira pa geti, amafuna kulowa ulere, ndiye bandi yonse tiidyetsa chani?

Mphunzitsi wa kwaya: Kwaya yanga ilibe genset koma imamveka mpaka kumsewu.

Mlimi wa ku Sinda: Nonse mukukamba za phokoso. Ku Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale timaona ngoma ya Angoni, ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti timaona Gule Wamkulu, kamodzi pachaka, munthu n'kubwerera kumunda. Izi zotsata amuna awiri boma ndi boma, mkazi wapabanja, kwathu ankhoswe akanakhala kale pansi.

Amake mapasa, Lundazi: Ine zinandionekera. Ndinapita kudansi mwamuna atakana, pobwera ndinapeza chitseko chokhoma, ndinagona kwa aneba, foni anandibera komweko kudansi. Mpaka lero nkhani ikabuka amaikumbutsa. Koma kunena zoona anaimba bwino tsiku limenelo.

Membala wobisa dzina: Atate a ku Sinda mwandilakwira, sinditsata amuna, nditsata nyimbo. Mai anga omwalira ndi amene ankazikonda, tinkamvera limodzi pa wailesi tikusenda nshawa. Ndipo apongozi dzulo atenga chitenje changa chatsopano osapempha.

Wa njinga yamoto, Mchini: Pepani za amai. Koma malo simunanenebe. Ngati ndi muno m'tauni nkhani ndi yaing'ono, pezani wa njinga amene mumamudziwa adzakutengeni pa geti, osakwera wachilendo usiku. Ngati ndi ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, n'kugona komweko, pamenepo abambo ali ndi mfundo.

Wamalonda wa pa Mwami: Ngati ndi tsidya la Malawi nyamulani chitupa chanu cha NRC mufunse za border pass, kapepala kowolokera malire, akuuzani pomwe imakufikitsani. Chitsegulireni nyumba yatsopano ya pa malire a Mwami mu Disembala 2022 zonse za mbali ziwiri zimathera malo amodzi. Ndalama sinthani masana.

Mlimi wa ku Sinda: Mukumuphunzitsa kuwoloka malire tsopano! Gulu ili latha. Admin ali kuti?

Mtsikana wa ku Kalongwezi: Atate mwalemba kanayi, bundle yanu sikanagula mbewu?

Agogo a ku Chadiza road: Mwanangu, usapikisane ndi mpira wa amuna ako, udzaluza. Gula matikiti awiri. Uwauze masana atadya, apongozi palibe, kuti ukufuna akaone okha chimene chimakukoka. Akakana, pempha mlongo wawo akuperekeze, pakamwa pa apongozi patsekeka. Ndiwo za tsikulo usiye utaphika.

Mlimi wa ku Sinda: Matikiti awiri amama? Ndiye ndalama yawonongeka kawiri. Ine ndikufunsabe za feteleza, palibe wandiyankha.