Ndithandizeni pa nkhani ya ma audition a mafilimu

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu amene mwakhalitsa pa ntchito ya mafilimu.

Ndinayamba zisudzo za pa siteji ndili ku sekondale ndipo panopa ndimakhala ku Lilongwe, koma gawo la mufilimu likundivuta kupeza. Ku ma audition, kumene amayesa anthu ofuna gawo mufilimu, amandiuza zofanana: ndimakweza mawu kwambiri ndiponso ndimagwedeza manja ngati ndikufuna kuti wokhala kumbuyo kwa holo andione, chonsecho kamera ili pafupi ndipo imaona ngakhale kuphethira kwa diso.

Ndayesa kudzijambula ndi foni ya Tecno, nditaitsamiritsa pa mulu wa mabuku pafupi ndi zenera kuti kuwala kuzifika kunkhope, mng'ono wanga akuwerenga mawu a munthu amene ndikuyankhulana naye m'sewerolo. Chithunzi chimaoneka bwino ndithu, koma mawu ake amaphimba anga popeza iye amaima pafupi ndi foni. Ndatumizanso zithunzi ndi mbiri ya ntchito yanga kwa opanga mafilimu angapo pa WhatsApp koma sanayankhe, kupatula mmodzi amene anati ndiyambe ndalipira ndalama yolembetsera. Ndinakana chifukwa zinandikayikitsa.

Kodi inu amene munachokera ku siteji munazolowera bwanji kuchita modekha pa kamera? Kanema wotumiza azikhala wautali bwanji, ndipo ndizijambula kuyambira pachifuwa kapena thupi lonse? Nanga kulipira musanaonedwe n'komwe kumachitikadi, kapena ndi kuba chabe? Ndikufunanso kudziwa ngati kulowa mu Film Association of Malawi kumathandiza munthu kumva msanga za ma audition.